Magazi a Ng'azi

Mwezi wa Disembala wapitawu, mvula itakhazikika ndipo madambo a kwathu kuno ku Chadiza atadzaza madzi, amayi a kunyumba adayamba kudandaula kuti mazira akutha m'khola. Poyamba tidanamizira galu, kenaka tidayamba kukayikira ana, kufikira tsiku lina Loweruka pamene anyamata a pamudzi adatchera khwekhwe kuseri kwa khola nagwira mbala yeniyeni. Idali ng'azi, yotalika kuposa mpini wa khasu, ya mawanga achikasu pamsana, ikufufumitsa khosi ndi kukwapula mchira uku ndi uku. Adaimanga luzi m'chiuno naimangirira patsinde la mango, wina nathamangira kukatenga chibonga. Ife sitidaonepo cholakwa. Pa ubwana wathu tidapha ng'azi zambiri. Nyama yake ena ankadya, chikopa chake tinkakutira mabanjo athu, ndipo palibe wamkulu amene adatidzudzulapo.

Masiku amenewo pakhomo pathu padali mlendo, mwana wamkazi wa mlongo wathu, amene akuphunzira udokotala wa zinyama pa University of Zambia ku Lusaka. Paja akulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Iye adatuluka m'nyumba, nayang'ana nyama ija, nabwera kudzagwada pafupi ndi mpando wathu. "Amalume," adatero, "auzeni anyamatawa ayambe adikira pang'ono. Nyama iyi ili ndi chinthu m'magazi mwake chimene anthu ophunzira a maiko akutali akhala akuchifunafuna zaka zambiri." Tidaseka, koma chibonga tidachiletsa. Zimene adatifotokozera masana amenewo, pamodzi ndi zimene tidawerenga pambuyo pake m'mapepala amene adatisiyira, ndizo tafuna kugawana nanu mwezi uno, chifukwa zidatsala pang'ono kuvulaza munthu pakhomo pathu pomwe.

Nkhaniyi idayambira pa ng'ona. Anthu amene amaziyang'anira adaona kalekale kuti ng'ona zimamenyana koopsa polimbirana malo ndi zazikazi. Ina imaduka mwendo, ina imang'ambika pamimba, kenaka imabwerera m'madzi a matope odzaza ndi tizilombo. Munthu atakhala m'madzi otere ndi bala lotere, mwendo ungawole pa masiku owerengeka. Koma ng'ona kawirikawiri imapola, nikhala zaka zambiri ndi chipsera chake. Funso lidali lakuti, kodi chimaiteteza n'chiyani?

Katswiri wina, Mark Merchant, wa pa McNeese State University ku Louisiana m'dziko la America, adatenga magazi a ng'ona za kumeneko zotchedwa alligator, nalekanitsa madzi ake ndi maselo ake. Madziwo adawasakaniza ndi mitundu 23 ya mabakiteriya. M'chaka cha 2003 adalengeza kuti madzi a magazi a ng'ona adaletsa kukula kwa mitundu yonse 23, pamene a munthu adagonjetsa mitundu 8 yokha. Adapezanso kuti akawatenthetsa kufika madigiri 56, mphamvu ija imatha, kusonyeza kuti zogwira ntchitoyi ndi mapuloteni osakhalira kuwonongeka.

Mwana wa mlongo wathu adaloza ng'azi ija nati, "Iyi ili ndi mkulu wake ku Indonesia." Ankanena za buluzi wamkulu wa pa chilumba cha Komodo, wa mtundu umodzi ndi ng'azi yathuyi, amene amatalika mpaka mamita 3. M'chaka cha 2017, Barney Bishop ndi Monique van Hoek a pa George Mason University adapeza m'magazi mwake timapuloteni 48 tooneka kuti tingaphe mabakiteriya. Potengera kamodzi mwa ito adapanga mu labotale kanthu kena kamene adakatcha DRGN-1, ndipo atakayesa pa mabala a mbewa olowa tizilombo, mabalawo adapola msanga.

Wina angafunse kuti anthu ophunzira akuvutikiranji ndi zokwawa, mankhwala ali mbwee m'zipatala. Yankho lake likutikhudza tonse. Mankhwala opha mabakiteriya amene tawadalira kuyambira nthawi ya penisilini akuchepa mphamvu, chifukwa tizilombo tayamba kuwazolowera. Kafukufuku amene adatuluka mu magazini ya The Lancet m'chaka cha 2022 adawerengera kuti m'chaka cha 2019 chokha anthu okwana 1.27 miliyoni adamwalira pa dziko lonse chifukwa cha tizilombo tosamva mankhwala, ndipo maiko a mu Africa kumwera kwa chipululu cha Sahara ndiwo adali patsogolo pa vutoli. Choncho akatswiri akufufuza paliponse pamene pangapezeke chida chatsopano, ngakhale m'mitsempha ya nyama zimene ife timaziponya miyala.

Tidafunsa kuti, "Nanga magaziwo amawatenga bwanji, osaipha?" Iye adauza mnyamata wina kuti aphimbe mutu wa ng'azi ija ndi chiguduli, ndipo tidadabwa kuona kuti idafatsa. Wina adagwira khosi, wina chiuno. Kenaka adatola kaudzu naloza kunsi kwa mchira, pakatikati penipeni, kapatali pang'ono ndi potulukira chimbudzi. Pamenepo, pansi pa mafupa a mchira, pamadutsa mtsempha. Wotenga magazi amayamba wapukuta khungu ndi mankhwala opha tizilombo, nalowetsa singano pakati pa mamba kufikira itakhudza fupa, naibweza pang'ono chabe, kenaka nakoka pang'onopang'ono kuti mtsempha usaphwe. Mtsemphawo sauona ndi maso, amaudziwa ndi mphunziro ndi kuzolowera kwa zala. Ng'azi siidula mchira wake monga amachitira abuluzi a pakhoma, koma abuluziwo ndiye amafuna dzanja lofewa koposa.

Nyama iliyonse ili ndi pake. Ng'ona amaitenga magazi kumchira, kapena kuseri kwa chigaza kumene kuli mtsempha waukulu pamwamba pa msana. Fulu amamutenga pakhosi kapena kunsi kwa chigoba chake, ndipo pamenepo pali chovuta china: pafupi ndi mitsempha ya magazi pamayenda madzi ena oyera a m'thupi, ndipo akalowa mu jakisoni, magazi amasungunuka, zotsatira zonse n'kukhala zabodza. Njoka amaitenga kumchira kapena pamtima penipeni. Kuchuluka kwake nakonso kuli ndi malire. Magazi a zokwawa amakwana magawo 5 mpaka 8 pa 100 alionse a kulemera kwa thupi, ndipo wofufuza saloledwa kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 a magaziwo. Ng'azi ya makilogalamu 2 ingapereke mamililita 10, ndiwo masipuni a tiyi awiri, koma kawirikawiri amatenga ochepera pamenepo. Asanatenge amayamba aiyeza pa sikelo.

Kugwira ng'ona ya kutchire ndi ntchito ya usiku. Amayenda pa bwato ndi tochi yowala kwambiri, maso a ng'ona n'kumaoneka ofiira pamwamba pa madzi. Amaikola chingwe m'khosi, naimanga pakamwa, pakuti ngakhale ili ndi mphamvu yoopsa poluma, minofu yake yotsegulira kamwa ndi yofooka. Maso amaiphimba. Zonsezi zimachitika mofulumira pa zifukwa ziwiri. Ng'ona yaikulu ikalimbana nthawi yaitali, m'magazi mwake mumachuluka asidi amene angathe kuipha. Ndiponso mantha amasintha magazi, kotero kuti wochedwa amayeza mantha a nyamayo m'malo mwa thanzi lake. Amalemba tsiku, malo, kutalika kwa nyama, ngati ili yaimuna kapena yaikazi, ndi kutentha kwa madzi, chifukwa thupi la chokwawa limatsatira kutentha kwa kunja, ndipo chitetezo chake chimafooka nyengo yozizira. Magazi a mu Juni sangafanane ndi a mu Okutobala. Akatha zonsezi amaimasula, nibwerera m'madzi yamoyo.

Magazi akalowa mu jakisoni, ntchito yeniyeni ndiye yayamba. Dontho limodzi amalipaka pa kagalasi pomwepo, naliumitsa, nalinyika mu utoto wa Giemsa, womwe uja amagwiritsa ntchito poyeza malungo. Otsalawo amawathira m'timabotolo. Tina timakhala ndi mankhwala otchedwa heparin oletsa magazi kuundana. Mankhwala a EDTA, amene amathira m'magazi a anthu, amaphulitsa maselo ofiira a zokwawa zina, makamaka afulu, choncho amawapewa. Timabotolo tina timakhala topanda kanthu, kuti magazi aundane okha ndipo pamwamba patsale madzi achikasu otchedwa seramu. Tonseti amatilemba nambala, natiika m'bokosi lozizira, koma osatigunditsa ku madzi oundana, pakuti maselo akauma ndi chisanu amasweka.

Pasanapite nthawi yaitali amatiika m'makina ozungulira mwaliwiro otchedwa centrifuge. Maselo amatsikira pansi, madzi n'kutsala pamwamba. Madziwo amawayamwa mosamala, nawagawa m'timabotolo ting'onoting'ono, nawaumitsa mu firiji ya madigiri 20 kapena 80 kunsi kwa ziro. Amawagawa chotero kuti asamasungunule ndi kuumitsanso omwewo, chifukwa kutero kumapha mphamvu ija. Kuno kwathu, kumene magetsi amathima osatsazika, ntchito ya mwezi wathunthu ingawonongeke usiku umodzi.

Maselo nawo ali ndi zawo. Maselo ofiira a munthu alibe phata pakati, koma a zokwawa ali nalo, ndipo ndi ozungulira motalika ngati dzira. Makina owerengera magazi a m'zipatala zathu amasokonezeka nawo, nawayesa maselo oyera. Motero wofufuza amakhala pa maikulosikopu, nawerenga limodzilimodzi ndi maso ake. Zoonadi, kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofuna kuyesa mphamvu ya seramu, amaisakaniza ndi mabakiteriya odziwika kuchuluka kwake, naisiya kanthawi pamalo ofunda, naipaka m'timbale ta chakudya cha mabakiteriya. M'mawa mwake amawerenga timadontho tamera, nayerekeza ndi mbale imene sadathiremo seramu. Timadontho tikachepa, ndiye kuti magaziwo agwira ntchito.

Tisaganize kuti zonsezi amachitira anthu okha. Nyamazo nazo zimadwala. M'chaka cha 2008 ng'ona zoposa 150 zidapezeka zitafa mu mtsinje wa Olifants, m'nkhalango ya Kruger ku South Africa, mafuta a m'thupi mwake atauma gwa. Kuti dokotala azindikire magazi a ng'ona yodwala, ayenera kudziwa kaye a yathanzi, ndipo n'chifukwa chake akatswiri ena adayeza magazi a ng'ona za kutchire za ku Okavango m'dziko la Botswana, nasindikiza zopeza zawo m'chaka cha 2007. Kale sizidali choncho. Hugh Cott, amene adafufuza ng'ona za ku Uganda ndi za kuno, kuphatikizapo za m'chigwa cha Luangwa, nalemba za izo m'chaka cha 1961, adaphunzira zambiri potumbula mimba za ng'ona zophedwa. Lero wofufuza amatenga masipuni ochepa a magazi, mwini magaziyo n'kutsala akusambira. Ndipo satenga mwachisawawa: pansi pa lamulo la zinyama zakutchire la m'chaka cha 2015, wofuna kugwira nyama yotere kuti aifufuze amayamba wapempha chilolezo ku dipatimenti ya boma yoyang'anira nkhalango ndi zinyama zakutchire. N'chifukwa chake mwana wa mlongo wathu adangoloza ndi kaudzu.

Tsopano tifike pa kulakwa kwathu. Nkhani yokoma siikhala m'kamwa mwa munthu mmodzi. Masana omwewo tidapita pa golosale, ndipo pofuna kuoneka odziwa zinthu tidauza anzathu kuti magazi a ng'azi amapha tizilombo ta m'mabala. Za firiji, za maikulosikopu, za mbewa, zonsezo tidazisiya. Dzuwa likulowa tidaona mkulu wina wa mudzi woyandikana nawo akulowa pakhomo motsimphina, kapu ili m'manja. Ali ndi chilonda pamwendo chimene chatha chaka osapola. Adatiuza kuti wakhala akugula makapisozi pamsika, kuwatsegula ndi kuwaza ufa wake pachilondapo, koma osathandiza. Adapempha mwaulemu kuti pamene tikupha ng'azi ija timugawireko magazi, ena apake, ena amwe.

Tidasowa chonena, pakuti mawu amene adamubweretsa adali athu omwe. Mtsikana uja ndiye adagwada nayankha. "Agogo, pepani. Magazi awa akalowa pachilonda chanu, mwendo ungathe kuduka." Adafotokoza kuti zokwawa zimanyamula tizilombo tambiri, monga ta Salmonella, timene mwiniwake satimva koma munthu timamudwalitsa kwambiri. Adati zimene zidaoneka m'kambale ka mu labotale kapena pa mbewa si mankhwala ayi, ndi chiyambi chabe cha ulendo wa zaka zambiri, ndipo kufikira lero palibe chipatala chimene chimapereka mankhwala ochokera m'magazi a ng'ona kapena a ng'azi. Womwa magaziwo, mimba yake imagaya timapuloteni tija monga igayira nyama, n'kutsala ndi tizilombo tokha. Adawonjezanso mofatsa kuti makapisozi a pamsika, omwedwa kapena owazidwa popanda muyeso, ndiwo amene amaphunzitsa tizilombo kusamva mankhwala.

Mkulu uja sadakondwe. Adati makolo athu ankadziwa mphamvu za nyama zimenezi azungu asanabwere, ndipo adakumbutsa za ndulu ya ng'ona, imene aliyense kuno amaidziwa kuti ndi poizoni woopsa. Apa tidakumbukira zimene zidachitika kutsidya kwa malire athu, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Mu Januwale 2015, ku Chitima, anthu 75 adamwalira atamwa mowa wa masese pa maliro. Mbiri idawanda mwamsanga, mpaka m'manyuzipepala a maiko akutali, kuti wina adathiramo ndulu ya ng'ona. Anthu adayamba kuyang'anana ndi diso loipa. Koma mowawo ndi ufa wake atazitumiza ku America kukayezedwa, kudapezeka poizoni wotchedwa bongkrekic acid, amene amapangidwa ndi bakiteriya ya Burkholderia gladioli yomera mu ufa wa chimanga umene udanyowa n'kuwonongeka. Ng'ona idalibe mlandu, ndipo padalibe mfiti. Ndipotu kale m'chaka cha 1984, Norman Nyazema wa pa University of Zimbabwe adali atayesa kale ndulu ya ng'ona napeza kuti siipha monga mbiri imanenera.

Tikasinkhasinkha, tiona kuti tidanamizira ndulu ya ng'ona imfa popanda kuyeza, ndipo ife pa golosale paja tidalonjeza machiritso a m'magazi a ng'azi popandanso kuyeza. Kulakwa kwake n'kumodzi. Makolo athu adaona bwino kuti nyama zimenezi ndi zolimba modabwitsa, ndipo akatswiri atsimikiza kuti sadaname. Koma kuchokera pa kuona kukafika pa mankhwala pali sikelo, singano, firiji, ndi munthu wowerenga timadontho m'mbale m'mawa uliwonse, wokonzeka kuvomera ngati zimene ankayembekeza sizidachitike. Wodumpha zonsezi ndiye uja akulu adamutcha safunsa, amene adadya phula.

Usiku umenewo ng'azi idagona m'thumba la saka, pamalo ozizira. M'mawa, tisanapite ku tchalitchi, tidainyamula pamodzi ndi anyamata aja kupita nayo kudambo lakutali ndi nyumba. Titamasula thumba idayamba yakhala chete, ikutulutsa lilime lake la mphanda, kenaka idathamanga nidziponya m'madzi. Mnyamata wa chibonga uja adadandaula kuti tataya ndiwo. Amayi a kunyumba nawo adafunsa kuti mazira awo alipira ndani, ndipo funsolo lidali loyenera, pakuti nyama yosungidwa ndi anthu a mapepala imadya za munthu wa pamudzi. Tidagula waya wa sefa, tidakweza khola pamitengo, ndipo kuyambira pamenepo mazira akukwanira. Ng'azi nayo ili ndi ntchito yake kudambo kuja, kumene imadya nkhono, nkhanu, makoswe ndi zakufa.

Lolemba tidakweza mkulu uja pa njinga kupita naye ku kiliniki. Adamutsuka chilonda, namumanga, namuyezanso shuga, ndipo amapitako mlungu uliwonse. Chilondacho chikuchepa, ngakhale sichidatseke. Pa golosale paja tidabwererako kukakonza mawu athu, ndipo tidaona kuti kubweza nkhani n'kovuta kuposa kuitulutsa, pakuti ena adali ataifikitsa kale ku midzi ina.

Choncho, abale ndi alongo, mukadzamva wina pamsika kapena pa foni akutsatsa magazi, mafuta kapena ndulu ya chokwawa kuti ndi mankhwala otsimikizidwa ndi akatswiri, mudzamufunse kuti adayeza ndani, kuti, ndipo pa anthu angati. Wa chilonda chosapola mupite naye ku chipatala msanga, osati kwa wogulitsa makapisozi. Ana athu akagwira fulu kapena ng'azi, tiwauze asambe m'manja ndi sopo, ndipo ngati siidawalakwire, aileke ipite. Mwina mwa ana omwewo mudzatuluka wina amene adzagwire singano ndi chilolezo m'thumba, nadzawerenga magazi a ng'azi za m'madambo a Chadiza. Mwana wa mlongo wathu adabwerera ku Lusaka mu Januwale, ndipo pokwera basi adatiuza kuti waya uja tiziuyang'ana kawirikawiri, chifukwa ng'azi imakumba.